Manda Opanda Mwini

Tsiku lina, nthawi yokonza minda mvula isanagwe, amayi ena a m'kalasi mwathu adabwera ndi kanthu komanga pa nsalu. Tisanayambe kuwerenga adamasula nsaluyo. Adayala pa tebulo mapale asanu ndi kacitsulo kodyeka ndi dzimbiri.

Adati, "Aphunzitsi, izi ndazitola m'munda mwanga. Muli kamtunda kamene sitinkalimapo kale. Caka cino ndidafuna kuundapo mitumbira ya mbatata. Khasu litalowa pansi lidatulutsa mapalewa, ndipo pansi pake ndidaona mafupa. Ndidakwirira msanga. Sindidauze munthu. Kodi ndalakwa?"

Ndidawafunsa kuti, "Amayi, kodi pamalopo padagona wina wa kwanu?" Adakana. Ngakhale agogo ao, amene adatsegula mundawo, sadachulepo za manda.

Tsiku limenelo sitidawerenge zambiri. Abambo ena adati ndi za afiti. Ena adati ndi manda a Akafula. Mnyamata wina adati tikakumbe usiku, mwina muli golide kapena ndalama zimene Apwitikizi adabisa. Ine ndidalibe yankho lokwanira. Ku maphunziro a uphunzitsi adatiphunzitsa za zilembo ndi masamu, koma za mafupa a m'munda ai. Ndidapita kukafunsa ndi kukawerenga, ndipo zimene ndidapeza ndazilemba pano cifukwa amayiwa sali okha. Kuno ku Angónia anthu tikuculuka, minda ikucepa, ndipo caka ndi caka khasu likulowa m'malo amene makolo ankawalambalala.

Ambiri a ife tikafunsidwa mbiri timayambira pa Angoni. Nzoona, Angoni a Maseko adakhazikika pa phiri la Domwe ca m'ma 1870, ndipo dzina la boma lathu lidacokera kwa iwo. Koma 1870 ndi dzulodzuloli. Angoni adapeza Acewa ali ndi midzi yao ndi minda yao. Acewa ndi zidzukulu za Amaravi. Mfumu ya Amaravi, Kalonga, idali ndi likulu lake ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kutsidya kwa malire athu ndi Malawi. Katswiri wa zofukula wa ku Malawi, Yusuf Juwayeyi, atakumba ku Mankhamba adapeza mikanda ya galasi, zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zocokera ku China.

Amaravi naonso sadapeze dziko lopanda anthu. Alimi oyamba adafika m'dera lino, pakati pa mtsinje wa Zambezi ndi nyanja ya Nyasa, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Iwo adapeza alenje, anthu osalima, amene m'nthano zathu timawacha Akafula kapena Abatwa. Zojambula zofiira za m'mapanga ndi za alenje amenewa. Zoyera ndi za alimi, makamaka Acewa, ndipo zambiri zimakhudza cinamwali ndi nyau. Ku Chongoni, m'mapiri a Dedza amene timawaona tikaima ku malire, kuli malo 127 a zojambula zotere, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Kodi alimi oyambawo ankakhala motani? Cimanga sankacidziwa. Cimanga, cinangwa ndi mbatata zidacokera ku America, ndipo zidafika ku Africa pambuyo pa caka ca 1500. Iwo ankalima mapira, mawere ndi khobwe. Ankamanga nyumba za mitengo zomata ndi dothi. Ankaumba mbiya. Koposa zonse, ankadziwa kusungunula miyala m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mivi. Ndi nkhwangwa ya citsulo imene idatsegula nkhalango, ndipo ndi khasu la citsulo limene lidayamba kutembenuza dothi limene tikulima ife.

Maina ao sitidzawamva. Sadasiye kalata. Adasiya mapale, makala, mphero, zotsalira za ng'anjo, ndi mafupa ao.

Pali cinthu cimodzi cimene ife a cigawo ca Tete tiyenera kucidziwa. Kumadzulo kwathu, ca ku malire a Zambia, kuli phanga la Chifumbazi. Mu 1907 Mjeremani wina, Carl Wiese, adakumba m'phanga limeneli. Wiese adali wa malonda a minyanga, ndipo adakhalapo kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni a kutsidya. M'phangamo adapeza mapale a alimi oyamba, ndipo zimene adapeza zidapita ku Berlin. Patapita zaka zambiri, katswiri wina, David Phillipson, adafuna dzina limodzi lochulira miphika ya alimi oyamba onse a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Adasankha dzina la phanga limeneli, nalilemba kuti Chifumbaze. Motero ophunzira a m'mayunivesite akutali amaloweza dzina la phanga la m'cigawo cathu, pamene ife eni ake ambiri sitidalimvepo. Kuyambira mu 1936 Mpwitikizi wina, Santos Júnior, adayenda m'cigawo ca Tete kuona mapanga ndi kutola zakale, ndipo zake zidapita ku Portugal.

Ku Malawi, m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Mangochi, kuli malo ochedwa Nkope. Keith Robinson adakumbapo m'zaka za m'ma 1960, napeza mudzi wa alimi oyamba. Makala a pamalopo atayezedwa adaonetsa kuti anthu ankakhalapo kale m'zaka za m'ma 300 pambuyo pa kubadwa kwa Yesu. Miphika yao idali ya milomo yokhuthala, yokongoletsedwa ndi mizere ndi madontho odinda dothi lisanaume. Miphika ya mtundu womwewo yapezeka m'malo ambiri a pakati ndi kum'mwera kwa Malawi. Malire amene akutilekanitsa ndi Dedza ndi Ntcheu adadza ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891. Alimi oyamba sadawadziwe malirewa.

Tsono tibwerere ku kamtunda ka amayi aja. Kodi mtunda wa manda umabwera bwanji pakati pa munda?

Ku Ulaya alimi oyamba ankamanga dala. Ankaika miyala ikuluikulu ngati zipinda, kugonekamo akufa, ndi kuunjika dothi pamwamba. Ku England kuli mtunda wotere wochedwa West Kennet. M'litali mwake ndi pafupi mamita 100, ndipo udamangidwa zaka zoposa 5,500 zapitazo. Eni minda a kumeneko adagumula mitunda yambiri ndi makasu a ng'ombe, ndipo ena adaikumba pofuna cuma, mpaka mu 1882 boma lao lidapanga lamulo loyamba loteteza malo akale. West Kennet udali umodzi wa malo ocepa amene adalembedwa m'lamulo limenelo.

Kuno kwathu mitunda idakula mwa njira ina, ndipo njira yake aliyense wa ife amaidziwa. Onani mudzi wanu. Nyumba ikagwa, dothi lake limatsala pomwepo, ndipo mwana amamanga ina pamwamba. Phulusa limatayidwa kudzala. Ndowe imaunjikana m'khola. Mbiya ikasweka mapale amatsala pabwalo. Anthu akakhala pamalo amodzi mibadwo khumi kapena makumi awiri, nthaka imakwera. Ku Zambia, kufupi ndi Kalomo, kuli mitunda yotere, monga Kalundu ndi Isamu Pati, imene Brian Fagan adakumba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kuya kwake kumaposa msinkhu wa munthu woimirira, ndipo yonse ndi zotsalira za midzi, wina pamwamba pa unzake. Mkati mwake mudapezeka mafupa a ng'ombe ndi a mbuzi, mbewu za mapira zopserera, zitsulo, ndi anthu oikidwa m'mudzi momwemo. Alimi akale ambiri sankapita ndi maliro kutali. Ankaika wakufa pafupi ndi nyumba kapena ndi khola. Izi sizacilendo kwa ife, pakuti akuluakulu a Cingoni amatiuza kuti kale mwini mudzi ankaikidwa pafupi ndi khola la ng'ombe zake, atakhala tsonga.

Nchifukwa cake bwinja lakale kawirikawiri limakhalanso manda. Ndipo nchifukwa cake dothi la pamenepo limatikopa. Ndi lakuda, lofewa, lodzala phulusa ndi ndowe yakale. Mbatata imacita bwino pamenepo. Woumba njerwa amalikonda. Wokonza msewu amaona dothi loti atape.

Ena afunsa kuti, "Nanga mafupa a munthu wosadziwika ali ndi nchito yanji?" Tiyeni tione nkhani ziwiri.

Yoyamba ndi ya ku Ingombe Ilede, m'cigwa ca Zambezi ku Zambia. Mu 1960 anchito ankakumba pa kaphiri kena kuti amange thanki ya madzi ya anthu amene adasamutsidwa ndi damu la Kariba. Adakumana ndi mafupa a anthu. Nkhani idafika kwa woyang'anira zakale, J. H. Chaplin, ndipo iye adabwera kudzakumba mosamala. Pambuyo pake Fagan adapitiriza. Adapeza anthu oikidwa ndi mikanda ya golide, makoza a mkuwa, mipingasa ya mkuwa imene inkagwira nchito ngati ndalama, mikanda ya galasi yocokera kunja ndi zidutswa za nsalu. Anthu amenewa adakhala ndi moyo zaka pafupi 500 zapitazo. Sadali alimi oyamba, koma zidzukulu zao. Cifukwa cakuti cinthu ciliconse cidalembedwa pamene cidagona, lero tikudziwa kuti anthu akuda a m'Zambezi ankacita malonda akutali, kugula ndi kugulitsa mkuwa, golide ndi nsalu.

Yaciwiri ndi ya ku Zimbabwe. Mu 1895 azungu ena adakhazikitsa kampani yokumba mabwinja a miyala pofuna golide. Adagwirizira malo oposa makumi anai. Adafukula manda, adavula akufa mikanda ndi makoza, ndipo golide wambiri adamsungunula. Mapale ndi mafupa adazitaya ngati zinyalala. Zimene malo amenewo akadatiuza zidapita, ndipo palibe amene angazibweze.

Kusiyana kwake kuli apa. Ife tikuphunzira kuwerenga, ndipo tikudziwa kuti zilembo zimalankhula zikaima pa malo ake. Lembani liwu lakuti "munda" pa timapepala tisanu, kenaka mutisakanize m'thumba. Zilembo zonse zilipo, koma liwu palibe. Ndi momwemonso ndi manda akale. Phale lili m'manja mwanu limanena zocepa. Koma phale lomwelo lili pansi, pafupi ndi makala, pamwamba pa fupa, limanena zambiri. Makala amayezedwa ndi makina, ndipo amauza zaka. Mano amauza cimene munthu ankadya. Mafupa amauza ngati adali mwamuna kapena mkazi, wamkulu kapena mwana. Munthu wokumba usiku amasakaniza zonsezi pa ola limodzi. Ndipo ndinene poyera kwa mnyamata uja ndi anzake: m'manda a alimi oyamba mumapezeka mapale, mikanda ya zigoba ndi tizitsulo todyeka. Mudzataya tulo pacabe, mudzasiya dzenje loti ng'ombe ithyokeremo mwendo.

Tsopano za malamulo. Lamulo loyamba loteteza manda silidacokere ku Maputo. Ndi lathu la makolo. Kumanda sitidula mtengo. Sititola nkhuni. Mwana sapitako kukasewera. Wolowa kumanda popanda cilolezo ca mfumu amalipa mlandu. Mukakwera phiri ndi kuyang'ana pansi, mudzaona minda yokhayokha, koma apa ndi apo pali kagulu ka mitengo ikuluikulu. Pamenepo ndi pamanda. Lamulo limeneli ndi lolimba kuposa mpanda wa waya, ndipo lilibe wapolisi.

Koma lili ndi malire ake. Limagwira nchito ngati alipo wina wokumbuka kuti apa padagona uje. Abale akasamuka, kapena mtundu ukatha, mitengo imadulidwa ndipo malo amasanduka munda. Ife a ku Angónia tidaziona izi posacedwapa. Pa nkhondo imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, makolo athu ambiri adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malawi idasunga anthu a ku Moçambique pafupi miliyoni imodzi. Pobwerera, nkhalamba zina zodziwa malo zidali zitatsala kutsidya, ndipo mabanja ena adakhazikika pa malo acilendo. Ngati manda a zaka makumi asanu aiwalika motere, nanga a zaka 1,500? Amenewa alibe mdzukulu wowasesera. Ndiwo manda opanda mwini, ndipo lamulo la boma lidapangidwa kuti liime pamalo pa mwini wao.

Pa nthawi ya atsamunda, mu 1943, kudakhazikitsidwa bungwe loyang'anira malo akale a mu Moçambique. Koma maso ake adali makamaka pa malinga, machalichi ndi nyumba za Apwitikizi. Dziko litalandira ufulu mu 1975 zinthu zidayamba kusintha. A ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane adakumba pa bwinja la miyala la Manyikeni, m'cigawo ca Inhambane, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndipo mu 1979 malowo adatsegulidwa kuti anthu azikaphunzirako mbiri. Kenaka pa 22 Disembala 1988 kudatuluka Lamulo 10/88, loteteza cuma ca cikhalidwe ca anthu a Moçambique. Pa 20 Julayi 1994 boma lidaonjezera Dekereto 27/94, yofotokoza za zofukula m'nthaka.

Malamulo awiriwa akunena izi. Malo onse akale okhala ndi zotsalira za anthu, zinthu zopezeka m'menemo, ndi zojambula za m'mapanga, ndi cuma ca dziko. Sizigulitsidwa, ndipo sizituluka m'dziko popanda cilolezo. Siziyembekeza kuti wina abwere kudzaikapo cikwangwani: lamulo lidaziteteza kale, ngakhale zimene sizinapezeke. Palibe munthu, wakuda kapena mzungu, wophunzira kapena wosaphunzira, amene aloledwa kukumba pofuna zakale popanda cikalata ca boma. Munthu akapeza zakale mwangozi, polima, pokumba citsime kapena maziko a nyumba, ayenera kuuza akuluakulu a boma a m'dera lake pasanathe maola 48, ndiye kuti masiku awiri. Makampani ogwira nchito zazikulu zokumba nthaka ayenera kupatula ndalama zosacepera theka la gawo limodzi mwa magawo 100 a mtengo wa nchitoyo, kuti akatswiri afufuze malowo ndi kupulumutsa zakale. Abale athu a ku Malawi ali ndi lamulo lao lofanana nalo, la mu 1990.

Taonani, amayi aja sadalakwe popeza mafupa. Sadalakwenso pokwirira. Wolakwa ndi amene adziwa napitiriza kukumba, kapena kutenga zinthu kukagulitsa. Cimene cidatsala kwa iwo ndi kukanena.

Ine ndikuona kuti lamuloli ndi labwino, koma lidafika mwakacetecete. Lidalembedwa m'Cipwitikizi, m'buku la malamulo a boma, m'caka cimene anthu ambiri a kuno adali m'misasa ya othawa nkhondo. Mu kalasi mwathu muli anthu 23, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe amene adalimvapo. Ngakhale ine mphunzitsi wao. Akatswiri a zofukula m'dziko muno ndi ocepa, ndipo ambiri ali kutali ndi Tete. Amene amayamba kuona fupa si katswiri. Ndi mayi wa khasu, ndi mnyamata woumba njerwa, ndi woyendetsa thirakitala.

Palinso mantha. Munthu amaopa kuti akanena adzamcha mfiti, kapena apolisi adzamfunsa za munthu wophedwa, kapena munda udzapita. Mantha amenewa sindiwaseka. Munda ndi moyo, ndipo kuno wokhala ndi mahekitala awiri timamuyesa wolemera. Nchifukwa cake ndikuti musapite nokha. Yambani mwauza nyakwawa kapena mfumu, monga momwe timacitira ndi nkhani iliyonse ya manda. Mfumu ndi mboni yanu. Pamodzi mupite kwa mkulu wa boma wa m'dera lanu, amene adzatumiza mau ku Ulongwe, kwa oyang'anira za maphunziro ndi cikhalidwe. Musatsuke mapale, musasunthe mafupa, ndipo musalole ana kuseweretsa zinthuzo. Kwirirani pang'ono ndi dothi lomwelo, ndipo ikani cizindikiro.

Ife tidacita motere. Loweruka lotsatira tidapita kumundako ndi anyakwawa ndi akuluakulu awiri. Anyakwawa adazungulira kamtundako, natola phale lina, naliyang'ana nthawi yaitali. Adati, "Awa si athu, koma ndi anthu. Agone." Tidayeza ndi mapazi: m'litali mapazi 14, m'lifupi 9. Pangodya zinai tidazikapo zikhomo.

Lolemba phunziro lathu lidali kulemba kalata. Aliyense adapereka ciganizo cimodzi, ine ndinkalemba pa bolodi, ndipo tidakangana pang'ono ngati tilembe "manda" kapena "bwinja". Tidalemba onse awiri. Kumunsi ndidaikako Cipwitikizi. Amayi aja adakopera kalata yonse ndi dzanja lao, ndipo idawatengera masana onse. Pamapeto adalemba dzina lao, osadinda cala. Mapale asanu ndi kacitsulo kaja tidaziika m'citini pamodzi ndi pepala lonena tsiku ndi malo, ndipo anyakwawa adanyamula citinico pamodzi ndi kalata.

Mvula idagwa patapita milungu iwiri. Amayiwo adataya mizere isanu ndi umodzi. Mbatata adabzala mozungulira, ndipo pakati pamera nsenjere.